Zipilala za Mzinda wa Chipata Zisaiwale Mlimi

Abale ndi alongo a m'midzi ya Chipangali, mukapita ku Chipata kukagulitsa nshawa kapena kukagula feteleza, imani pang'ono ndi kuyang'ana. M'caka ca 2017 tauni imeneyi inakwezedwa kukhala mzinda. Koma misewu ya phula ndi magetsi pa zokha sizikwanira ai. Mzinda uyenera kukhala ndi nkhope yake, ndiye kuti zipilala, ziboliboli ndi zithunzi za pa zipupa zouza mlendo ndi mwana wa sukulu amene anaumanga. Ife tikuti nkhope imeneyo ikhale ya anthu onse, ndipo mlimi asasowepo.

Kujambula mbiri pa malo a gulu sikunabwere ndi Azungu. Pa matanthwe a Thandwe, kuno ku Chipata, ndi a Mkoma ku Katete, makolo anasiya zithunzi za utoto woyera zimene akatswiri amati zimakhudza Nyau ndi cinamwali. Amai athu nawonso amakongoletsa zipupa za nyumba ndi dothi la mitundumitundu, popanda wowalipira. Luso tili nalo kale. Cofunika ndi kulitengera ku tauni.

Taonani zimene zinacitika ku Lusaka. M'caka ca 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 za ufulu, kunaimikidwa Ciboliboli ca Ufulu pa mseu wa Independence Avenue. Munthu amene akuoneka akudula unyolo pamenepo si mfumu kapena nduna, koma Zanco Mpundu Mutembo, munthu wamba wocokera ku Mbala. Ndico cifukwa cake aliyense amadziona yekha mwa iye. Komabe amene anaciumba anali Mngelezi, James Butler. Lero palibe cifukwa cofunira mmisiri kutsidya kwa nyanja. Henry Tayali, amene anamwalira m'caka ca 1987, anasonyeza kuti mwana wa Zambia angathe, ndipo ciboliboli cake ca wophunzira womaliza maphunziro cili pa Yunivesite ya Zambia.

Nanga ku Chipata aonekere ndani? Aonekere Angoni, amene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, pamodzi ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, amene anaphedwa ndi Azungu m'caka ca 1898 cifukwa cokana kupereka dziko. Aonekere Acewa ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005. Aonekere Ansenga, Akunda ndi Atumbuka, ndiponso Amwenye amene akhala akucita malonda muno kuyambira pamene tauni inali kuchedwa Fort Jameson. Tikasema mtundu umodzi wokha, ena adzati mzinda si wao, ndipo mwala umene unayenera kutigwirizanitsa udzakhala mbeu ya tsankho. Mau a pa cizindikiro ca dziko lathu, akuti Zambia ndi imodzi ndipo mtundu ndi umodzi, aoneke ndi maso.

Pakati pa onsewa paime mai wa khasu pa phewa ndi mwana kumbuyo. Fodya, cimanga, thonje ndi nshawa zimene zimadzaza misika ya mzinda zimacokera m'minda yanu. Ngakhale Chipangali inapatulidwa kukhala boma pa yokha m'caka ca 2018, thukuta lanu lili m'njerwa za Chipata. Ena adzati ndalama zipite ku mijigo ndi zipatala poyamba. Akunena zoona, madzi ndi mankhwala zitsogole. Koma kupenta cipupa ca msika kapena ca sukulu kumangofuna utoto, manja ndi cilolezo, pamene mwana wokula osaona ulemu wa khasu adzalithawa khasulo.

Tsono nchito ndi iyi. Pa misonkhano ya m'midzi lembani maina a amisiri osema mitengo, oumba mbiya ndi anyamata odziwa kujambula, ndipo muwapereke kwa makhansala anu. Afunseni kuti pamene cipilala ciliconse ciganiziridwa, mafumu ndi anthu a kumidzi afunsidwe, ndipo nchitoyo ipatsidwe kwa ana a dera lino. Aphunzitsi atsogolere ana kukongoletsa zipupa za sukulu ndi mbiri ya kwao. Ndipo letsani onse olemba maina ao ndi makala pa matanthwe a makolo, pakuti cithunzi cakale cikafafanizika sicibwereranso.

Mutu umodzi susenza denga. Mzinda unamangidwa ndi manja ambiri, ndipo manja onsewo aoneke pa zipupa zake.