Mphambano Zikonzedwe Mipanda Isanamangidwe

Nyumba zatsopano zikuchuluka m'chigwa cha Domasi, kuyambira kumsewu wa M3 mpaka ku Mishoni, koma misewu yake ikungotsata tinjira takale ta mapazi. Wogula puloti amamanga mpanda wa njerwa mpaka pakona penipeni, ndiye wakabaza wa njinga yamoto amamuona mwana wasukulu atafika kale pamphuno.

Ine ndikuti mphambano izikonzedwa malo asanagulitsidwe: misewu izikumana mopingasa, makona azisiyidwa poyera, ngalande za madzi ochokera kuphiri zizikumbidwiratu. Lamulo la Physical Planning la 2016 limakhudza dziko lonse, ndi midzi yomwe. Mafumu athu ndi akukhonsolo ya Zomba, chonde tisadikire maliro kuti tigwetse mpanda umene tikanauletsa usanamangidwe.