Yankho la mkonzi: Buleki si ya amantha

Pali mawu amene afala pakati pa madalaivala achinyamata muno mu Chipata. Akuti dalaivala weniweni sagwira buleki pa kona, amaponda moto basi, galimoto n'kudzigwira yokha. Mukawafunsa umboni amatulutsa foni n'kukuonetsani kavidiyo ka mpikisano wa magalimoto, fumbi lili koboo, galimoto ikukhota chopingasa. "Mwaona? Akatswiri saopa."

Ine ndinawamva ndi makutu anga mu takisi yopita ku Mwami. Mayi wina kumbuyo, dengu la tomato pamiyendo, anadandaula kuti, "Mwananga, tachepetsako, tasiya ana kunyumba." Mnyamata woyendetsayo, chigongono chili pawindo, anangoseka: "Amayi, buleki ndi ya amantha." Tomato wina anafika ku Mwami atasanduka supu.

Sitikuuzani kuti kuthamanga si kufika, poti mwambiwo munaumva mpaka unakukwanani. Tikambe za mpikisano womwewo umene mukuudalira. Zambia si mlendo pa masewerawa. Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yense pa mpikisano wa rally maulendo 8, pakati pa 1988 ndi 2000. Muna Singh anapambana mu 2004 ndi 2005, Mohammed Essa mu 2012, Jassy Singh mu 2013, Leroy Gomes mu 2022. Amene amatchula anthu ngati amenewa pofuna kunyoza buleki sanaone chimene phazi lawo limachita. Kavidiyo kamaonetsa fumbi, sikaonetsa phazi.

Kuponda moto pa msewu woongoka ngakhale mwana angathe. Luso lili pa kudziwa poyambira buleki ndi mmene ungaisiyire. Wampikisano amagwira buleki mwamphamvu galimoto isanayambe kukhota, matayala akadali chiongokere. Akamapotoza chiwongolero amakhala akumasula phazi pang'onopang'ono. Moto amaubwezera ataona potulukira, ndipo amauwonjezera molingana ndi mmene chiwongolero chikuwongokera.

Chifukwa chake chili pansi. Tayala lililonse limakhudza msewu pa kamalo kofanana ndi chikhatho cha dzanja lanu. Timalo tinayi timeneti ndiye tonse timene tikugwira galimoto, inu, ndi dengu la tomato lija. Mphamvu yogwira imene tili nayo ndi imodzi, ndipo imagawidwa: ina kuimitsa, ina kukhota, ina kukoka. Mukaithera pa moto, yokhotera iperewera, ndipo galimoto ipita kumene yaloza mphuno, kaya ndi mumtengo wa mango kaya ndi pa wanjinga. Komanso mukagwira buleki, kulemera kumatsamira kutsogolo, matayala akutsogolo n'kukanikizika pansi, n'kumvera chiwongolero bwino. Mukaponda moto kulemerako kumathawira kumbuyo, kutsogolo n'kupepuka panthawi imene mukukufuna kwambiri.

Tisawanamizire anyamatawa, m'mawu awo muli kachoonadi pang'ono. Kudinda buleki modzidzimutsa uli pakati pa kona n'koopsadi, makamaka pa msewu wafumbi kapena mvula yoyamba ikanyowetsa phula. Kumbuyo kumatha kutaya. Koma mankhwala ake ndi kutsiriza kuchepetsa liwiro usanalowe, osati kulowa ndi liwiro lonse n'kumayembekeza kuti Mulungu akhotetsa.

Jackie Stewart wa ku Scotland, katswiri wa dziko lonse wa Formula One mu 1969, 1971 ndi 1973, ankaphunzitsa anthu poika kampira m'mbale pamwamba pa boneti, kuti ayendetse osakagwetsa. Ife kuno sitifunikanso mbale ya mzungu. Taonani mayi wochokera ku mjigo, ndowa yodzaza pamutu: amayenda msanga ndithu, koma saima mwadzidzidzi, sanyamuka mothyoka, ndipo madzi amafika pakhomo. Phazi la dalaivala wabwino limayenda chomwecho.

Masamu ake ndi ouma mtima. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, phazi lisanachoke n'komwe pa moto. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Wochoka pa 60 n'kufika pa 120 asaganize kuti wangowonjezera vuto lofanana ndi loyamba lija.

Ndiye pali zimene kavidiyo sikanena. Pa rally msewu umatsekedwa. Pambali pa dalaivala pamakhala mnzake woŵerenga kona iliyonse asanaifike. M'galimoto muli zitsulo zoteteza ikagubuduzika, malamba olimba, zisoti. Nanga pa Great East Road pakati pa Katete ndi Chipata watsekerani ndani? Kuseri kwa kona kuli ngolo ya ng'ombe yopanda nyali, mbuzi, ana asukulu, njinga yosenza matumba a makala, thiraki yofa imene chizindikiro chake ndi nthambi zamasamba zoyalidwa pamsewu.

Mphwake wa bodzali ndi uja wotsetsereka pa fili kuti mafuta asathe. Magalimoto ambiri a masiku ano amadula okha mafuta mukachotsa phazi pa moto giya ili mkati, pamene pa fili injini imamwabe kuti isazime. Choipa kwambiri n'chakuti katundu yense mwamusiyira mabuleki, ndipo akatentha amaleka kugwira. Amene anatsikapo mapiri a Manenekela chakufupi ndi mlatho wa Luangwa amalidziwa fungo lija.

Eni magalimoto, musanapereke makiyi, khalani pampando wa pambali mumuone mnyamata wanu mmene amalowera kona. Inu okwera, dalaivala akakuyankhani kuti buleki ndi ya amantha, muuzeni aime, mutsike. Takisi za ku Mwami n'zambiri.