Za Zipani Zolankhula ndi Pakamwa Pamodzi

Abale anga a m'mipingo ya kuno ku Mwanza, ndili ndi mlandu ndi nzeru ina imene yalowa pakati pathu, ndipo ndifuna kuutula pamaso panu kuti muuweruze. Nzeru yake ndi iyi: akulu a chipani cha ndale akhala pansi m'nyumba ina ku Lilongwe kapena ku Blantyre, nasankha mau awiri kapena atatu, nalamula kuti munthu aliyense wa chipanicho, kuyambira mtsogoleri kufikira mnyamata wonyamula mbendera, anene mau omwewo, osaonjezapo, osachotsapo. Ukamfunsa za mlatho, akuyankha mau omwewo. Ukamfunsa za mankhwala a kuchipatala, mau omwewonso. Akatswiri a ndale aitamanda nzeru imeneyi, nati ndiyo ipambanitsa pa chisankho. Ine sindikana kuti ipambanitsa. Chimene ndikana ndicho chakuti ife Akristu a m'midzi tayamba kuyesa kumvana kwa milomo yao chizindikiro cha choonadi.

Chaka cha 2025, atatsala masabata owerengeka kuti tiponye voti pa 16 September, anadza kwathu mnyamata wina amene ndinamphunzitsa ine mwini kugwira pensulo. Anavala malaya a chipani chake. Dzina la chipanicho ndilisiya, pakuti pa nkhani iyi zonse ndi ana a mimba imodzi. Tinampatsa mpando, ndipo ndinamfunsa kuti, "Mwanawe, manachesi athu aolera m'mphepete mwa mseu wa ku Zobue chaka ndi chaka, ndipo ogula atchula mtengo umene afuna iwo. Chipani chako chiti bwanji?" Anandiyankha ndi mau aja a pa malaya ake. Ndinamfunsanso za ana okhala pansi m'kalasi mwanga, opanda benchi. Anabwereza mau omwe aja. Pofunsa kachitatu anaseka ndi manyazi, nati, "Aphunzitsi, anatiuza kuti tisatuluke mumzere." Mwana ameneyo sanalowezepo masamu ake bwino chotero masiku onse anali m'manja mwanga.

Tsono ndivomere choyamba chimene chili choona. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ku sukulu ya aphunzitsi anatiuza kuti phunziro limodzi lobwerezedwa kakhumi liposa maphunziro khumi onenedwa kamodzi. Makolo athunso anati mapanga awiri avumbwitsa. Chipani chimene wina anena izi, wina izo, anthu sachikhulupirira, ndipo alibe mlandu posachikhulupirira. Mbiri ya dziko lathu ichitira umboni. Pa 14 June 1993 anthu osadziwa kuwerenga sanafune buku kuti asankhe: kuno kunali nyali, uko kunali tambala wakuda, ndipo mwa anthu 100 alionse oposa 60 anasankha nyali ya zipani zambiri. Chaka cha 2009 Bingu wa Mutharika analalikira chimanga chokhachokha, napambana ndi mavoti 66 mwa 100. Koma zindikirani kuti mau akewo anali ndi nkhokwe kumbuyo kwake, pakuti makuponi a feteleza anayamba m'chaka cha 2005, ndipo anthu anali ataona kale zokolola ndi maso ao. Chaka cha 2020 zipani zisanu ndi zinai zinamanga mgwirizano wa Tonse, ndipo kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chitipa munthu anamva zinthu zomwezo: thumba la feteleza pa K4,495, ntchito 1,000,000, kudya katatu pa tsiku. Pa 23 June a Lazarus Chakwera anapambana ndi mavoti 59 mwa 100. Ndipo mu 2025 a Peter Mutharika, nkhalamba ya zaka 85, sanayende misonkhano yambiri. Anthu ao anangoloza mtengo wa chimanga ndi mizere ya galimoto zodikira mafuta, nanena za utsogoleri woyesedwa kale. Anapeza mavoti 57 mwa 100, ndi a Chakwera 33.

Chotero nzeruyo igwira ntchito. Msamphanso ugwira ntchito. Koma sindinamvepo mbewa ikutamanda wotchera.

Taonani pamene pali chinyengo. Mau a chipani sasankhidwa chifukwa ndi oona koposa, iai; asankhidwa chifukwa ndi afupi, okoma m'khutu, osavuta kuwanena pa chimkuzamau galimoto ili kuthamanga. Ndipo kuti akhale afupi chotero, akulu aja adulako kamau kamodzi kamene mlimi aliyense sakasiya, ndiko kakuti "ngati". Mlimi anena kuti, ndidzakubwezera ngongole yako ngati mvula igwa bwino. Wandale sanena "ngati", pakuti mau amenewo saombetsa m'manja. Thumba lija la K4,495 linakhala pa mtengo umenewo chaka chimodzi; m'chaka cha 2021 linafika pa K7,500, ndipo mu 2022 pa K15,000. Ndidziwa yankho lao, ndipo si lopusa: nkhondo ya ku Ukraine inakweza mtengo wa feteleza pa dziko lonse mu 2022, kwacha inatsitsidwa mphamvu mu May 2022 ndiponso mu November 2023, ndi namondwe Freddy anasakaza chigawo chathu cha kummwera mu March 2023. Zoona zonsezo. Koma kodi munthu wamkulu, woti alamule dziko, sadziwa kuti pa dziko pamagwa nkhondo ndi namondwe? Ngati anadziwa, bwanji sanatiuze pa msonkhano paja kuti mtengowo udzakhala wotero zinthu zikayenda bwino? Anadziwa ndithu, koma mzere sunalole. Ndipo amene mwakondwera powerenga izi chifukwa chipani chanu ndi china, musafulumire kuseka, pakuti muyeso womwewo ulindira amene anapambana mu 2025.

Ndiponso milomo imene inena mau amenewa si ya mau amodzi masiku onse. Sitisowa kupita kutali: a Nicholas Dausi, amene anakhalapo phungu wa dera la pakati m'boma lathu lino, anali mneneri wa chipani cha Kongeresi, ndipo pambuyo pake anakhala mneneri wa DPP. Sindiwanyoza potero, pakuti ambiri achita chomwecho, ndipo ntchito ya mneneri wa chipani ndi yotero, kunena chimene chipani chamtuma. Koma inu amene muleka kupatsana moto ndi mbale wanu chifukwa cha mau a mneneri, kumbukirani kuti iye akhoza kuoloka mawa nakadya mbale imodzi ndi amene anawatsutsa dzulo, inu mukali osalankhulana.

Koma chimene chindiwawa koposa si mtengo wa feteleza. Ife a ku Mwanza tiyenera kuopa pakamwa pamodzi kuposa anthu a boma lina lililonse, pakuti tinaona kumene njira imeneyi ifika. Masiku a chipani chimodzi tinaloweza ngodya zinai: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mau okoma onsewo, palibe Mkristu angawakane. Koma m'mwezi wa May 1983 amuna anai otchuka, Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, nduna za boma, ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, anagwidwa ku Zomba, natengedwa kudza kuno, naphedwa pa mseu wa ku Thambani. Iwo sanali adani ochokera kunja. Anali eni nyumba amene anayamba kulankhula zosiyana ndi zimene akulu anafuna kumva. Mitembo yao inaikidwa m'galimoto, ndipo dziko linauzidwa kuti anafa pa ngozi. Ine ndinali mwana pamenepo, koma ndikumbuka kuti akulu akafika pa nkhaniyo anatsitsa mau, natithamangitsa kuti tikasewere. Wailesi inati ngozi, nyuzipepala inati ngozi, ndipo munthu wofuna kugona m'nyumba mwake anati ngozi. Zaka 11 dziko lonse linali mumzere. Sikunakhaleko chipani china chimene chinasunga mau amodzi bwino chotero, ndipo mauwo anali bodza.

Boma litasintha mu 1994, Bakili Muluzi anaika bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha, ndipo linapeza kuti amuna aja anaphedwa ndi apolisi. Dr. Kamuzu Banda ndi a John Tembo anaimbidwa mlandu, koma bwalo linawamasula mu December 1995. Ndilemba ichi kuti wina asati ndabisa mbali. Chimene ndifuna muone ndi china. Masiku amenewo dzina la boma lathu linasanduka mau a pa misonkhano: wofuna kugwetsa Kongeresi anangoti "Mwanza", anthu nafuula. Anthu akufa aja anathandiza amoyo kupeza mipando. Ku Thambani kuli chipilala cha chikumbutso. Pitani mukachione, ndipo pobwera muone m'mene akhalira anthu a m'midzi yozungulira.

Wina adzati, "Aphunzitsi, mwapitirira. Lero palibe aphedwa chifukwa chotuluka mumzere." Tiyamika Mulungu pa chimenecho, ndipo sindilinganiza mnyamata wanga uja ndi apolisi a 1983. Koma mbeu yake ndi imodzi, ndiyo kuphunzitsa munthu kuti pakamwa pake si pake. Lero wotuluka mumzere achotsedwa m'chipani, kapena amanidwa malo pa chisankho cha chipulula, natchedwa wogalukira. Potero mtsogoleri azungulidwa ndi anthu onena chokoma chokha, ndipo iye ndiye ayamba kugwa m'mbuna imene anakumbira ife. Kodi muyesa kuti amene anagonja mu 2025 analibe anthu odziwa kuti m'midzi muli njala ndi mkwiyo? Analipo; koma chipani chozolowera kumva mau ake okha chigontha makutu. Mukumbuka nkhani ya mfumu Ahabu pofuna kukamenya nkhondo ku Ramoti Gileadi. Aneneri ngati 400 anavomerezana onse kuti apite, ndipo mthenga wokaitana Mikaya anamlangiza panjira kuti mau ake afanane ndi a anzake. Mikaya anakana, naponyedwa m'ndende. Ahabu anapita ndi mau okoma a anthu 400, ndipo sanabwere wamoyo. Mthenga uja akadakhala lero akadapatsidwa galimoto ndi udindo waukulu m'chipani.

Winanso adzati, "Nanga mpingo sulankhula ndi pakamwa pamodzi?" Ulankhula, ndipo tsiku lina unagwedeza dziko potero. Pa 8 March 1992 abale athu a Katolika anawerenga kalata imodzi ya maepiskopi ao m'matchalitchi ao onse tsiku limodzi. Koma taonani kusiyana kwake. Kalatayo sinali mau atatu. Inali yaitali, yonena za malipiro ochepa, za masukulu ndi zipatala, za anthu omangidwa popanda kuweruzidwa, zinthu zimene aliyense akanatha kuziyesa ndi maso ake. Olemba ake anaikapo maina ao, nadziwa kuti akhoza kufa nayo. Ndipo sanapemphe mpando. Umodzi umenewo unali wa anthu ovomerezana pa chimene anaona. Umodzi wa zipani ndi wa anthu ouzidwa chimene ayenera kunena.

Chifukwa chake ndilankhula ndi inu akulu a mpingo ndi amai otsogolera misonkhano ya pakati pa sabata, pakuti zipani zidziwa bwino kuti mau olowa m'mudzi podzera pa khomo la tchalitchi sabwezedwa. Ndicho chake wofuna uphungu akumbuka denga lathu lodontha chaka cha chisankho chokha, nadza ndi malata, napempha kuti angopereka moni pang'ono mapemphero atatha. Moni wakewo ndi mau aja a pa malaya. Lamulo la zipani la 2018 liletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna mavoti. Koma ngakhale lamulo likadapanda kuletsa, kodi guwa limene tilalikirapo Uthenga ndi lobwereketsa? Ndaona makwaya athu akusintha mau a nyimbo za Mulungu kuti alowetsemo dzina la munthu, ndipo akulu anakhala chete chifukwa cha matumba khumi a simenti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindinena kuti tileke kuponya voti, kapena kuti Mkristu asalowe chipani. Lowani, pakuti kumeneko kusowa anthu oopa Mulungu. Koma wandale akadza, musamlandire m'nyumba ya mapemphero. Mumkhazike pabwalo pansi pa mtengo, pamaso pa anyakwawa, ndipo mumtulutse mumzere ndi mafunso. Akati chitukuko, mufunse kuti chiti, pamalo pati, mwezi uti, ndi ndalama zochokera kuti. Njanji yochokera ku Moatize ipita pakati pa minda yathu ndi malasha a ku Mozambique kunka ku Nacala. Mumfunse chimene mlimi wa kwa Kanduku ndi wa kwa Nthache apindula nayo. Akabwereza mau a pa malaya, mufunsenso mwaulemu, kachiwiri ndi kachitatu, kufikira anene chinthu chimene mungachiyese kapena avomere kuti sadziwa. Wovomera kuti sadziwa ine ndimlemekeza, pakuti wayamba kulankhula ndi pakamwa pake. Ndipo mlembi wa mpingo, amene alemba za ubatizo ndi zopereka mosaphonya, asunge buku lina laling'ono lolembamo lonjezo lililonse, dzina la wolonjeza ndi tsiku lake, kuti pakufika chisankho cha 2030 tidzaliwerenge pabwalo lomwelo mwini wake ali pomwepo.

Ine ndinayamba langa tsiku lija mnyamata atachoka, m'kope la masamu lotsala. Mwezi wathawu ndinakomana naye pamsika pa Mwanza, malaya aja atasuluka, akugulitsa manachesi a amai ake pa mtengo umene ogula anatchula. Ndinamuonetsa kopelo, ndipo anapempha kuti alembemo yekha zimene anawalonjeza anyamata onyamula mbendera. Anadzaza tsamba limodzi ndi theka.