Nayonso kompyuta imadzaza

Mukapereka kabuku kanu kakuchipatala kwa kalaliki, iye n'kuwunika kapepala kamizeremizere kapachikuto, dzina lanu limatulukira pakompyuta nthawi yomweyo. Musaganize kuti yawerenga mayina onse limodzilimodzi. Mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito njira yotchedwa hash table. Ili ngati shelefu ya timabokosi: kompyuta imachita masamu pa nambala yanu, yankho lake n'kuloza kabokosi momwe muli fayilo yanu.

Timabokosi tikayamba kudzaza, mafayilo awiri kapena atatu amagwera malo amodzi, kufufuza n'kumachedwa. N'chifukwa chake mu Java, chimodzi mwa zilankhulo zolembera mapulogalamu, shelefuyi imayamba ndi timabokosi 16, ndipo ikadzaza magawo atatu mwa anayi imamangidwanso yokula kuwirikiza kawiri. Koma kukulako kuli ndi polekezera. Shelefu yotere ya JavaScript mu Chrome, yotchedwa Map, imakana ikafika zinthu pafupifupi 16.7 miliyoni. Kalembera wa 2018 adapeza Amalawi 17.5 miliyoni. Sitingakwanemo tonse.

Komabe Map ndiyabwinoko, chifukwa ikadzaza imaima n'kunena. Chimene chimandiopsa ine ndi pulogalamu yodzaza mwakachetechete. Mu 2020 ku England, anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sadalowe m'kaundula panthawi yake chifukwa fayilo yakale ya Excel imathera pa mizere 65,536. Zotsatira zosefukira zidangotsala panja, ndipo amene adakhala pafupi ndi odwalawo adachedwa kulondolozedwa.

Kuno ku Rumphi kaundula wapepala akatha, namwino amaona ndi maso, n'kutenga kope n'kujambula mizere ndi rula. Kompyuta simungayisuzumire choncho. Chikhalirecho ziwerengero zochokera ku Bolero kapena ku Mhuju n'zimene zimalowa mu DHIS2, ndipo akuluakulu amayang'ana zomwezo pokonza za mankhwala a malungo. Mizere ikasowa panjira, mwana wanu ndiye adzapeze LA atatha.

Ndiye Unduna wa Zaumoyo usamalandire pulogalamu, ngakhale yamphatso, wopangayo asanalembe kuti imanyamula anthu angati ndiponso imatani ikadzaza. Aithire mayina ongopeka opitirira malirewo ife ogwira ntchito m'zipatala tikuona. Inunso a m'makomiti a zipatala, kompyuta zatsopano zikabwera kwanuko, funsani zomwezi. Ndipo kabuku kanu kaja musakataye.