Mizinda Itatu N'jokwana: Maganizo pa Tchuthi cha Anthu Awiri Kummwera kwa Ulaya

Banja kapena anthu awiri okondana akaganiza zokachita tchuthi kummwera kwa Ulaya, amayamba ndi kutambasula mapu n'kumatchula mayina a mizinda. Wina amati Lisbon, mnzake amati Barcelona, kenaka Madrid, Seville, Rome, Florence, Venice ndi Athens zimalowanso pamndandanda. Pofika madzulo amakhala ali ndi mizinda isanu ndi itatu yoti akaione m'masabata awiri, ndipo onse amagona mtima uli m'malo. Maganizo anga m'chimangirizo chino ndi akuti ndondomeko yotereyi imawononga ndalama, imatopetsa thupi ndipo imaika chikondi pachiswe. Anthu awiri amene ali ndi masabata awiri asankhe mizinda itatu yoyandikana, aziyenda pasitima yapamtunda, apewe miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, ndipo dongosolo lonse alikonzere limodzi.

Tiyambe ndi masamu. Pamasiku 14 a tchuthi, tsiku loyamba ndi lomaliza amathera m'ndege ndi m'mabwalo a ndege. Izi n'zoona makamaka kwa ochokera ku Malawi, chifukwa ayenera kukasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg asanaone Ulaya. Choncho amatsala masiku 12. Kuona mizinda isanu ndi itatu kumafuna kusamuka kasanu ndi kawiri, ndipo kusamuka kulikonse kumadya theka la tsiku kapena kuposerapo: kulongedza, kutuluka m'hotela, kupita kusiteshoni, ulendo weniweniwo, kufunafuna hotela yatsopano ndi kudikira kuti chipinda chikonzedwe. Masiku atatu ndi theka apita, ndipo mzinda uliwonse walandira tsiku limodzi lokha. Koma osankha mizinda itatu amasamuka kawiri, amataya tsiku limodzi, ndipo mzinda uliwonse umalandira pafupifupi masiku anayi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsiku limodzi silikwanira mzinda ngati Rome. Bwalo la Colosseum, limene linatsegulidwa m'chaka cha 80, pamodzi ndi mabwinja a Forum ndi phiri la Palatine, zimafuna tsiku lakelake. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican ndi tchalitchi cha Petulo Woyera zimafuna lina. Kuonjezera apo, malo otchuka ali ndi masiku awo otseka. Nyumba za ku Vatican zija sizitsegula Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pamene anthu amadzaza osati masewera. Nyumba ya zithunzi ya Uffizi ku Florence imatseka Lolemba. Ku Granada, wolowa m'nyumba zachifumu za Alhambra amapatsidwa nthawi yake patikiti ndipo akachedwa sangalowenso. Munthu amene wapatsa mzinda tsiku limodzi n'kupeza chitseko chotseka, kapena mvula ikugwa, alibe mawa loti adikire. Amene waupatsa masiku anayi amangosinthanitsa zochita za lero ndi za mawa.

Mfundo yachiwiri ndi yoti mizinda yosankhidwayo ikhale yoyandikana, pamzere umodzi wa njanji. Pamapu Ulaya amaoneka wamng'ono, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti dziko lililonse n'lolumikizana bwino ndi linzake. Zoona zake n'zakuti sitima zothamanga zimagwira bwino ntchito m'kati mwa dziko limodzi. Kuchoka ku Rome kufika ku Florence ndi ola limodzi ndi theka, ndipo kuchoka ku Florence kufika ku Venice ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Ku Spain njanji ya sitima zothamanga ya pakati pa Madrid ndi Seville inatsegulidwa mu 1992, ndipo ya pakati pa Madrid ndi Barcelona inamalizidwa mu 2008. Ku Portugal, Lisbon ndi Porto zatalikirana maola atatu pasitima. Kudumpha malire ndiye nkhani ina. Sitima ya usiku imene inkalumikiza Lisbon ndi Madrid inaimitsidwa mu 2020. Wofuna kuchoka ku Italy kupita ku Greece popanda ndege amagona panyanja usiku wonse kuchokera ku Bari kukafika ku Patras, ndipo Athens amakhala akadali patsogolo.

Ena amati vuto limeneli linatha ndi ndege zotsika mtengo. N'zoona kuti kuuluka kuchoka ku Barcelona kupita ku Rome sikukwana maola awiri. Komabe tiwerengere nthawi yopita kubwalo la ndege, yodikira pamzere wofufuza katundu, yodikira masutikesi ndi yolowera mumzinda, tipeza kuti maola asanu kapena asanu ndi limodzi atha. Mtengo wotsika uja nawonso umakwera sutikesi ikangowerengedwa, pakuti makampani ambiri oterewa amalipiritsa katundu padera. Mabwalo ena amene ndegezi zimatera ali kutali ndi mzinda umene walembedwa pamalonda awo: Bergamo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Milan, ndipo Girona ili kutali koposa apo ndi Barcelona. Sitima imakutulani pakati penipeni pa mzinda. Wotsika pasiteshoni ya Santa Maria Novella ku Florence amafika patchalitchi chachikulu cha mumzindawo ndi miyendo m'mphindi khumi.

Kubwereka galimoto nakonso ndikutsutsana nako pa ulendo wa m'mizinda. Ife amene tinazolowera kuyendetsa kumanzere kwa msewu timayenera kuphunzira kuyenda kumanja pakati pa madalaivala achilendo. Mizinda yambiri ya ku Italy ili ndi madera a pakati otchedwa ZTL, m'mene galimoto zopanda chilolezo siziloledwa kulowa. Makamera amajambula nambala ya galimoto, ndipo chindapusa chimatsatira mlendoyo kwawo patapita miyezi. Palibenso chinthu chimene chimayambanitsa mwamuna ndi mkazi msanga kuposa wina kukhala pachiwongolero, wina atagwira mapu, onse atasochera.

Chachitatu ndi nyengo. Anthu ambiri amaganiza kuti tchuthi cha ku Ulaya chiyenera kukhala cha Julayi kapena Ogasiti, koma kummwera miyezi imeneyi ndi ya ng'anjo. Pa 11 Ogasiti 2021, kufupi ndi Syracuse pachilumba cha Sicily, kutentha kunafika madigiri 48.8, kumene ndi kutentha kwakukulu kovomerezeka m'mbiri ya Ulaya. Mu Julayi 2023 boma la Greece linatseka Acropolis m'maola a masana chifukwa cha dzuwa, ndipo mwezi womwewo moto wolusa unasamutsa anthu zikwizikwi pachilumba cha Rhodes. Wina asanene kuti munthu wa ku Africa dzuwa analizolowera. Ngakhale ku Chikwawa mu Okutobala palibe amene amayenda tsiku lonse pamiyala yotentha popanda mthunzi kuti asangalale. Ku Italy kulinso chikondwerero cha Ferragosto pa 15 Ogasiti, pamene eni mizinda amatseka masitolo ndi malo odyera n'kupita kunyanja. Miyezi yabwino ndi Epulo, Meyi, kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala, koma opita ku Seville adziwe kuti m'sabata ya Isitala malo ogona amasowa ndipo mitengo imakwera.

Chachinayi, kuyenda mofatsa ndi ulemu kwa eni mizinda. Mizinda imeneyi ndi kwawo kwa anthu amene amadzuka m'mawa kupita kuntchito, ndipo ambiri a iwo atopa ndi alendo ongodutsa. Pakati pa mzinda wakale wa Venice pankakhala anthu pafupifupi 175,000 mu 1951, koma mu 2022 chiwerengerochi chinatsika kusafika 50,000. Mu 2021 boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu za alendo kudutsa pakati pa mzindawu, ndipo mu Epulo 2024 mzindawu unayamba kulipiritsa ma euro 5 pamasiku ena otanganidwa kwa obwera n'kubwerera tsiku lomwelo, pamene ogona momwemo sanakhudzidwe. Ku Barcelona, meya Jaume Collboni analengeza mu Juni 2024 kuti zilolezo za nyumba pafupifupi 10,000 zobwereketsa kwa alendo zidzathetsedwa pofika mu 2028, chifukwa eni mzinda akusowa pokhala. Mlendo wa maola asanu amadzaza misewu masana, amajambula zithunzi n'kuchoka. Wogona masiku anayi amalipira msonkho wa alendo, amagula buledi kwa wophika wa m'deralo, ndipo amatha kuona malo otchuka m'mamawa anthu asanachuluke.

Pali mfundo yotsutsa imene siyenera kunyozedwa. Kwa banja lochokera kwathu kuno, ulendo wa ku Ulaya ungachitike kamodzi kokha pamoyo. Tikiti ya ndege ndi yodula, ndalama zakunja n'zovuta kupeza, ndipo chitupa cha visa sichibwera mwachisawawa. Ndiye munthu angafunse kuti, nditavutika chonchi, ndilekerenji kuona zonse zimene ndingathe? Funsoli n'lomveka. Yankho langa ndi lakuti ulendo wosabwerezedwa ndiwo uyenera kusamalidwa koposa. Chimene munthu amabwera nacho kwawo ndi zimene akukumbukira, ndipo mizinda isanu ndi itatu yoonedwa mothamanga imasakanikirana m'mutu mpaka munthu osadziwanso kuti tchalitchi chakuti chinali kuti. Komanso wokhala mumzinda umodzi masiku anayi akhoza kuona malo ena oyandikira popanda kunyamula sutikesi. Pisa ili paulendo wa ola limodzi kuchokera ku Florence, Córdoba ili pafupi ndi Seville, ndipo Sintra ili pamphindi 40 kuchokera ku Lisbon. Amapita m'mawa ndi kachikwama kakang'ono n'kubwerera madzulo kuchipinda chomwe chija.

Nkhani ya visa yomweyo imavomereza ndondomeko yaifupi. Portugal, Spain, Italy ndi Greece onse ali m'dera la Schengen, choncho chitupa chimodzi chimakwanira, ndipo chimalola masiku osaposa 90 pamasiku 180 alionse. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika chitupachi ngakhale atakhala ku London, chifukwa Britain sili m'deralo. Lamulo limati pempho liperekedwe ku ofesi ya kazembe wa dziko limene munthu akakhaleko masiku ochuluka, ndipo masiku akakhala ofanana, ya dziko limene akayambire kulowa. Wopempha amaonetsa malo ogona a usiku uliwonse, matikiti ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000, ndipo mu Juni 2024 mtengo wa pempho la munthu wamkulu unakwera kufika ma euro 90. Mapepala a mizinda itatu m'dziko limodzi ndi osavuta kusonkhanitsa ndi kufotokoza poyerekeza ndi a mahotela asanu ndi atatu m'mayiko anayi.

Mfundo yomaliza ndiyo yaikulu kwa ine: ulendo wa awiri ukonzedwe ndi awiri. M'mabanja ambiri mmodzi ndiye amasenza ntchito yonse yofufuza, kugula matikiti ndi kusunga mapepala, pamene mnzake amangoti chilichonse mungakonze ndi chabwino. Mawu amenewa amakoma kunyumba, koma sitima ikawasiya kapena hotela ikakhala yoipa, mlandu wonse umagwera wokonza uja. Mutu umodzi susenza denga. Asanagule tikiti, aliyense atchule chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mtima wake ukufunitsitsa, ndipo zimenezo zisakhudzidwe. Akambirane za ndalama poyera: zogwiritsa ntchito patsiku, zosungira ngozi, ndi za mphatso za abale, zimene kwathu sitingazithawe. Akambiranenso za mphamvu za thupi. Kukwera pamwamba pa denga la tchalitchi chachikulu cha ku Florence ndi masitepe 463, Lisbon ndi mzinda wa zitunda, ndipo Venice ili ndi milatho yoposa 400, yambiri ya masitepe, pamene sutikesi yamateyala imayenera kunyamulidwa m'manja. Ngati wina amakonda zithunzi zakale ndipo mnzake amakonda misika, palibe cholakwa kusiyana masana amodzi n'kukumana pachakudya chamadzulo, aliyense ali ndi nkhani yoti auze mnzake.

Kukonza kumene ndikunena kuli ndi malire ake. Zogula pasadakhale ndi malo ogona, matikiti a sitima zothamanga, amene amatsika mtengo akagulidwa msanga, ndi matikiti a malo amene amalowetsa anthu mwa nthawi. Zotsalazo zisiyidwe. Mumzinda uliwonse mukhale tsiku limodzi lopanda cholembedwa, loti awiriwo azingoyenda, akhale pabwalo, amwe khofi, aone m'mene anthu a kumeneko amakhalira. Ku Spain chakudya chamadzulo chimayamba cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo woyenera kudzuka mbandakucha kuthamangira ndege sangachilawe modekha.

Pomaliza, ndipereke chitsanzo cha zimene ndikutanthauza. Banja lifikire ku Rome n'kugona masiku asanu, likwere sitima kupita ku Florence kwa masiku anayi, limodzi mwa iwo likaone Pisa kapena Siena, kenaka limalizire ku Venice masiku anayi. Tikiti ya ndege ikhale yolowera ku Rome ndi kutulukira ku Venice, kuti lisataye tsiku kubwerera m'mbuyo. Okonda Spain achite chimodzimodzi ndi Madrid, Seville ndi Granada. Athens ndi Lisbon zakhalapo zaka zikwi ndipo zidikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu awiri amene apatsa mizinda itatu nthawi yokwanira adzapezanso nthawi yocheza okhaokha, chimene chinali cholinga cha tchuthicho kuyambira pachiyambi.