Sitima Ikaima pa Doko, Tsikani Mukaone

Ife ana a kuno ku Kasungu nyanja timaidziwira m'mbale. Tikadya usipa kapena utaka umene amayi agula pa msika timayesa taidziwa nyanja, chonsecho ambiri a ife sitinaonepo madzi oposa a m'dambo la kwathu kapena a mu mtsinje wa Bua. Maso athu anazolowera minda ya fodya, zigafa ndi phiri la Kasungu. Komatu nyanjayo sili kutali monga tiganizira. Kuchokera pa boma pano kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 130, kudzera ku Mtunthama ndi m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota.

Ndalemba mawu awa chifukwa ena a inu, anzanga, tsiku lina mudzakwera sitima ya pamadzi, kaya pa ulendo wa sukulu, kaya pokaona abale. Kwa mwana wa mlimi mwayi wotere sudza kawiri. Tsono ndifuna kunena chinthu chimodzi chokha: sitima ikaima pa doko, ngakhale kwa maola awiri kapena atatu, musakhale pansi n'kumayasamula. Tsikani mukaone, koma mutsike mukudziwa chimene mukukafuna.

Pa tchuthi chapitachi amalume, atagulitsa fodya wawo ku msika wa Chinkhoma, anatitenga ine ndi msuweni wanga kukacheza kwa m'bale wathu ku Nkhata Bay. Iwo anati tisapite pa galimoto, koma tikakwere Ilala ku Nkhotakota, kuti ana aone dziko lawo. Sitimayi ndi nkhalamba yoposa agogo a ambiri a ife. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera ili zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo atailumikiza ku Monkey Bay inayamba ntchito mu 1951. M'litali mwake ndi mamita 52. Dzina lake inatengera sitima ina yaing'ono imene amishoni a ku Scotland analowa nayo m'nyanjayi mu 1875, ndipo iyonso inatchedwa dzina la dziko la Ilala, ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Zaka zonsezi Ilala yakhala ikuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, kuima m'madoko ndi m'zilumba, kutsitsa ndi kukweza anthu ndi katundu.

Titafika pa chilumba cha Likoma amalinyero anatiuza kuti tiima maola angapo, pakuti katundu wotsika anali wambiri: matumba a chimanga, shuga, malata ndi zina zotero. Msuweni wanga anati, "Ine sinditsika. Kuli chiyani kumeneko, si milambe ndi miyala yokhayokha?" Anagona pa thumba lake nayamba kuseweretsa foni. Ine ndinapempha amalume, ndipo atandilola ndinatsika pamodzi ndi mayi wina wachikulire wa pa chilumbapo amene ndinamunyamulira dengu lake.

Mayiyo ndiye anandilozera njira ya ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter. Kunena zoona, sindinayembekeze kuti pa chilumba chaching'ono chotero pangakhale nyumba yaikulu chomwecho. Anayamba kuchimanga mu 1903, anachidalitsa mu 1905, ndipo anachipatula kotheratu mu 1911. Anachimanga ngati mtanda, ndipo m'litali mwake ndi pafupifupi mamita 100, kunena kwake ngati bwalo la mpira. Miyala yake ndi ya pa chilumba pomwepo, ndipo anthu a pomwepo, amuna ndi akazi, ndiwo anaisenza pamutu. Malowo amatchedwa Chipyela chifukwa kale ankatenthapo anthu owaganizira ufiti. M'katimo muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone kwa Chitambo. Ndinaima pamenepo n'kukumbukira kuti sitima imene yandibweretsa ili ndi dzina la dziko lomwelo kumene mtengowo unamera. Zimene aphunzitsi athu a mbiri yakale anatilembera pa bolodi, ine osazimvetsa, tsikulo ndinaziona ndi maso.

Nditabwerera m'sitima ndinapeza msuweni wanga ali pomwe ndinamusiya, akudandaula kuti moto wa foni watha. Tonse awiri tinalipiridwa tikiti ya mtengo umodzi, yochokera ku thukuta limodzi la amalume, amene anafesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kudinda mabelo chaka chathunthu. Koma wina anabwerako ndi Likoma m'mutu, wina anabwerako ndi msana wopweteka. Lero munthu akamufunsa amati, "Ku Likoma ndinafikako." Kodi kumeneko ndi kufika?

Ndikudziwa kuti ena adzanditsutsa, ndipo mfundo zawo si zachabe. Adzati, "Ukatsika katundu wako aba." Adzatinso, "Sitima ikusiya, ndipo pa chilumba ulibe m'bale." Enanso adzati, "Kuona malo n'kwa azungu okhala ndi ndalama, ife tingapenyenji ndi matumba obooka?" Zoona, akuba aliko, ndipo kusiyidwa ndi sitima ndi tsoka lalikulu, pakuti Ilala si minibasi yoti ina ibwera posachedwa, ikapita mudzadikira masiku. Ine ndemwe ndinaona bambo wina akuthamanga pa mchenga, nsomba zili m'manja, akukuwa, sitima italiza kale hutala. Anapulumuka chifukwa mnyamata wina anamupalasira bwato, ndipo ndalama imene analipira bwatolo inaposa phindu la nsomba zake. Koma mankhwala a zoopsa zimenezi si kukhala pansi ayi. Mankhwala ake ndi kukonzekera. Ndipo za ndalamazo, ine ku Likoma sindinawononge kanthu koposa mtengo wa mandasi awiri. Maso salipiritsa.

Ife a ku fodya tiyenera kumvetsa zimenezi koposa wina aliyense. Mlimi aliyense adziwa kuti fodya wouma m'chigafa sagwiridwa nthawi iliyonse. Amafewa m'mamawa kukali chinyezi, ndipo dzuwa likakwera amayamba kufumbutuka m'manja. Mlimi wanzeru sadandaula kuti maolawo ndi ochepa. Amakonzeratu zonse madzulo, nalawira m'bandakucha, ndipo pamene waulesi akudzuka iye wasankha kale mulu wonse. Kuima kwa sitima pa doko n'chimodzimodzi. Nthawi ndi yochepa, koma ikwanira munthu amene wakonzeka.

Choyamba, dziwiranitu za malowo musanachoke kwanu. Funsani aphunzitsi, werengani m'laibulale ya sukulu, yang'anani mapu. Munthu wosadziwa kanthu akafika ku Nkhotakota amangoona mitengo ya mango, mchenga ndi asodzi. Koma amene wawerenga adziwa kuti pamenepa m'zaka za m'ma 1840 anakhazikikapo Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene anali Jumbe woyamba, ndi kuti kuchokera pa gombe limeneli anthu ambirimbiri anawolotsedwa m'zombo kupita ku ukapolo, ulendo wa ku Kilwa. Adziwanso kuti mbiri imeneyi ndi yathu ife a ku Kasungu, pakuti njira ya amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo inkadutsa m'dziko la Mwase kupita ku Luangwa, ndipo Livingstone mwini wake mu 1863 anachoka ku Nkhotakota n'kukwera kudzafika kwa Mwase Kasungu. Mtengo umene anthu amati anakumaniranapo ndi Jumbe amauonetsa kwa alendo pa mishoni ya Anglican, ndipo m'tchalitchi cha All Saints pomwepo muli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895. Zonsezi zili pafupi ndi pafupi, munthu angathe kuziona pa ola limodzi. Koma wosadziwa amadutsa pa mtengowo ngati adutsa pa mtengo wina uliwonse.

Chachiwiri, musanatsike funsani amalinyero nthawi yonyamuka, ndipo mufunse awiri, osati mmodzi. Safunsa anadya phula. Musadalire zolembedwa pa pepala zokha, chifukwa pa nyanja wolamula ndi katundu ndi mphepo. Katundu akatha msanga sitima ikhoza kunyamuka msanga, ndipo m'miyezi yozizira, pamene mwera ukuwomba kuchokera kum'mwera, kaputeni sangadikire mwana wa sukulu amene akudya kondowole kumtunda. Nyanjayi si yoseweretsa. Mu 1946 sitima yotchedwa Viphya inamira ndi namondwe kumpoto, ndipo anthu 145 anafa. Chotero ngati akuuzani kuti muli ndi maola atatu, inu werengani awiri, ndipo lachitatulo likupezeni muli kale pa gombe pamene sitima ikuoneka.

Chachitatu, sankhani chinthu chimodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amafuna kuona tchalitchi, kusamba m'nyanja, kugula nsomba zotsika mtengo, kujambulitsa ndi kufunafuna mnzawo amene anaphunzira naye ku pulayimale, zonsezi pa maola awiri. Mapeto ake saona kanthu bwinobwino, amangotuluka thukuta. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ngati muli ku Likoma, pitani ku Chipyela mukakhale m'tchalitchimo mofatsa. Ngati muli ku Nkhata Bay, funsani za pa 3 Malichi 1959, pamene asilikali a boma la atsamunda anawombera khamu la anthu pa doko pomwepo, anthuwo atasonkhana chifukwa cha atsogoleri awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Anthu osachepera 20 anafa. Chaka ndi chaka timapuma pa tsiku la Anafera Dziko, koma ndi angati a ife amene anaimapo pa malo pamene magaziwo anakhetsedwa? Kuima pamenepo mphindi khumi, uli chete, kuposa kuzungulira tauni yonse uli wefuwefu.

Chachinayi, lankhulani ndi eni dziko, ndipo mulankhule mwaulemu. Patsani moni, vulani chipewa pamaso pa akulu, pemphani musanajambule munthu kapena ngalawa yake. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mbiri imene wasiya imatsala, ndipo ngati wavala yunifolomu imatsalira sukulu yake. Musaseke chilankhulo cha anthu a ku nyanja pamene chisiyana ndi chathu. Iwonso akamva Chichewa chathu cha ku Kasungu ali nazo zoti aseke. Mayi uja wa dengu anandiuza zambiri zimene sizili m'buku lililonse la pa sukulu pano: mmene amaviikira chinangwa, mmene asodzi amakopera usipa ndi nyali usiku, ndi mmene anthu a pa chilumbapo amaonera mapiri a ku Mozambique pafupi kwambiri kuposa gombe la dziko lawo lomwe. Zonsezi ndinazigula ndi kunyamula dengu.

Chachisanu, musayende nokha, ndipo katundu musamusiye wopanda mwini. Ngati muli anayi, awiri atsike pa doko ili, awiri enawo adzatsike pa doko linalo. Tikiti ndi ndalama zikhale m'thumba la m'kati. Tengani kope ndi pensulo, ndipo mukangobwerera m'sitima lembani zimene mwaona zisanazizire, pakuti mutu umataya.

Ku maiko ena kuli sitima zazikulu ngati midzi, zimene zimanyamula alendo masauzande n'kumaima tsiku limodzi ku Cape Town, ku Durban, ku Mombasa kapena ku Zanzibar. Anthu amenewo amalipira ndalama zambiri zedi, komabe vuto lawo ndi lomweli la ife a pa Ilala: maola ndi ochepa, zoona ndi zambiri, ndipo sitima sidikira. Wolemera akapanda kukonzekera amabwerako ndi zithunzi za malo amene sangathe kuwatchula maina. Mwana wa mlimi akakonzekera amabwerako ndi nzeru. Pamenepa ndalama sizisiyanitsa anthu.

Kwa aphunzitsi athu ndipempha mwaulemu kuti pokonza ulendo wa sukulu aganizireko za ku nyanja, ndipo sabata imodzi tisananyamuke atipatse phunziro la malo amene tikukaona, kuti gulu lililonse likhale ndi funso lake lokafunsa kumeneko. Kwa anzanga ndinena kuti makolo athu amavutika kuti tipeze ndalama ya ulendo, ndipo ndi chipongwe kwa iwo kuithera m'tulo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Musanene kuti, "Ndidzaona ulendo wina." Msuweni wanga ananena chomwecho, ndipo chaka chino amalume akuti mitengo ya feteleza yawapweteka, za maulendo tiiwale.

Wophunzira wa Folomu 3