Mukadali pomwe paja, aphunzitsi?

Pepani anzanga, ndakhala chete kwa masabata angapo. Inu amene muli m'kalasi mukudziwa kale chifukwa chake. Kumapeto kwa teremu munthu umagona ndi makope, kudzukanso ndi makope, ndipo bolopeni yofiira imatha msanga kuposa mchere wa m'nyumba. Lero ndapeza kampata, ndiye ndati ndikuuzeni nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu.

Loweruka lapitali ndinali pa siteji ndi thumba langa la chimanga, kudikira minibasi. Kenaka inaima galimoto yoyera, ndipo anatulukamo bambo wandevu zake amene sindinamuzindikire mpaka ataseka. Anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, wokonda kukhala kumbuyo, wosamva za kupisira shati. Anandipatsa moni ndi manja awiri, ananyamula yekha thumba lija, n'kukandisiya pakhomo penipeni. Ndinasangalala, ndisaname. Koma tili m'njira anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mukadali pomwe paja?"

Sanafunse mwachipongwe. Anafunsa mwachifundo, ngati mmene timafunsira munthu amene wadwala nthawi yaitali kuti, kodi simunapezebe bwino? Chifundo chimenechocho ndiye chinandipweteka. Kwa iye, ndi kwa ambiri a inu amene munadutsa m'manja mwathu, uphunzitsi ndi malo amene munthu amaimapo podikira ntchito yeniyeni, ndipo amene wakhalitsapo ndiye kuti minibasi zonse zinamusiya.

Sindingamuimbe mlandu kwambiri, chifukwa anaona ndi maso ake. Anationa tikukongola sopo pagolosale ya bambo ake pa 15. Anaona nsapato imodzimodzi zaka zinayi.

Pa 5 Okotobala chaka chilichonse, tsiku lokumbukira aphunzitsi padziko lonse, timamva mawu okoma ambiri, ndipo amene sasowa ndi akuti uphunzitsi ndi maitanidwe. Ine mawu amenewa ndinatopa nawo. Ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Sikuti ndi abodza, koma amatuluka nthawi imene mphunzitsi wafunsa za malipiro, za nyumba, kapena za kukwezedwa paudindo. Ukangotsegula pakamwa, wina akuti paja ntchito yanuyi ndi maitanidwe. M'busa nayenso ali ndi maitanidwe, koma mpingo umamumangira nyumba. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo wogulitsa feteleza sanafunse ngati wogulayo anaitanidwa kapena ayi. Pitani mu sitafu rumu iliyonse mukafunse kuti ndi angati amene malipiro awo amafika athunthu, osadulidwa ndi makampani obwereketsa ndalama. Ena akamatuluka ku banki, wa katapila amakhala akuwadikira panja.

Ndiye munthu amayamba kupalasa. Wina amaphunzitsa open masana mpaka mawu kusasa, wina ali ndi dimba la tomato, wina anagula njinga yamoto ya kabaza. Zimenezo sindiziona cholakwa. Chimene ndimadana nacho, ndipo anzanga mundikhululukire, ndi khalidwe lobisa zofunika m'kalasi kuti ana akazimve ku patitayimu yolipira. Mwana amene makolo ake avutika kale kupeza yunifolomu ndi makope sangalipire kawiri kuti amve zimene zili mu silabasi. Umphawi wathu usatichititse kuba kwa osauka anzathu. Tikamachita zimenezi timawapatsa chonena anthu amene safuna kutimvera.

Pali chinanso chimene anthu a kunja sachimvetsa, makamaka za ife a ku CDSS. Boma litayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Anawo anayenera kupita kwinakwake akamaliza Sitandade 8, ndipo mu 1998 ma DEC aja, kumene ana ankaphunzira ndi mabuku a maphunziro a patali, anasandutsidwa ma Community Day Secondary School. Dzina linasintha tsiku limodzi, koma labotale, laibulale ndi nyumba za aphunzitsi m'malo ambiri sizinabwere ndi dzinalo. Pamwamba pa izo, mayeso a PSLCE akatuluka, ana amene akhoza koposa amatengedwa ndi sukulu za nashonolo, otsatira amapita ku sukulu zogonera za m'maboma ndi zina zoyendera, ndipo ife timalandira otsala. Patatha zaka zinayi zotsatira za MSCE zimatuluka, nyuzipepala n'kusanja sukulu kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, anthu n'kumafunsa kuti kodi aphunzitsi a ku CDSS amatani. Wina wapatsidwa dambo, mnzake wapatsidwa pamiyala, kenaka mukuyerekeza nkhokwe zawo.

Ine ndimaphunzitsa Bayoloje. Kwa zaka zambiri maikulosikopu ndinkaijambula pabolodi ndi choko, ana n'kuloweza mayina a zigawo zake osaigwirako. Mapapo ndimaonetsa ndi botolo lapulasitiki lodula ndi mabaluni awiri, monga tinaphunzirira kuti tizigwiritsa ntchito zimene zilipo, ija amati TALULAR. Zimathandiza ndithu, ndipo tsiku limene baluni ifufuma m'botolo ana amaombera m'manja ngati ndachita matsenga. Koma tisanamizane, botolo si labotale. Mwana wanga amakalemba pepala limodzimodzi ndi mnzake amene wakhala akugwira zipangizo zenizeni kuyambira Fomu 1.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikadali pomwe paja? M'galimoto muja ndinangoseka, koma yankho lake ndi anthu, ndipo nditchula mmodzi popanda dzina.

Anali mtsikana wachete, wolemba bwino, amene ankayenda mtunda wa maola awiri kubwera kusukulu. Ali Fomu 3 anatenga pathupi n'kusowa. Kuyambira 1993 dziko lino limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, koma lamulo papepala silichotsa manyazi, ndipo silikhala ndi mwana pakhomo mayi ake ali m'kalasi. Ine ndi mphunzitsi mnzanga wamkazi tinapita kwawo kawiri kukakambirana ndi amalume ake, amene anali atayamba kale kumva za banja. Anabwerera. Anafika Fomu 4 mu 2020, ndipo mukukumbukira chaka chimenecho: sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, a Fomu 4 anabwerera mu Seputembala, mayeso a MSCE anayamba, kenaka mu Novembala anathetsedwa chifukwa mapepala anali atabedwa. Ana amene sanabere kanthu anauzidwa kuti adzalembenso mu Januwale 2021. Tsiku limene tinawauza, mtsikanayu sanalire ngati anzake. Anangolongedza makope ake n'kundiuza kuti, "Aphunzitsi, ine basi, mwina sukulu si yanga." Ndinapalasanso njinga kachitatu.

Sanapeze mapoyinti 6, ndipo dzina lake silinatchulidwe pa wailesi. Anakhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndi kirediti mu Bayoloje, satifiketi n'kuipeza. Pano ndi mlangizi wa zaumoyo. Miyezi ingapo yapitayo ndinadutsa pamene ankachititsa sikelo pansi pa mtengo, ndipo ndinaima chapatali kumumvera akufotokozera amayi za madzi a ORS ndi chifukwa chimene mwana wotsegula m'mimba amafookera. Ndinamva chitsanzo changa chenicheni, cha mbewu yofota padzuwa, chimene ndakhala ndikuchinena m'kalasi kwa zaka zambiri mpaka ana kumanditchula nacho. Sanandione. Ndinakankha njinga yanga n'kumapita, ndipo tsiku limenelo sindinayankhule zambiri kunyumba.

Chimwemwe chotere ndi chenicheni, ndipo amene sanagwirepo choko sangachidziwe. Koma ndikukana kuti chizitengedwa ngati gawo la malipiro. Zinthu ziwirizi zimakhala pamodzi mwa munthu mmodzi: ndimaikonda ntchitoyi, ndipo imandisaukitsa. Amene amafuna kuti ndisankhe chimodzi chonena ndi amene safuna kumva chinacho.

Teremu ino mnyamata amene anabwera kuchokera ku Domasi zaka ziwiri zapitazo, mphunzitsi wa Masamu wabwino koposa amene ndagwirapo naye ntchito, anandipempha kuti ndimuwerengere kalata yofunsira ntchito ku bungwe lina. Ndinamukonzera Chingerezi chake bwinobwino. Sindinamuuze za maitanidwe. Ali ndi mkazi, mwana wakhanda, ndi nyumba ya lendi yodontha. Akapita, a Fomu 3 adzakhala opanda mphunzitsi wa Masamu mwina teremu yathunthu, ndipo phunzirolo adzapatsidwa wina amene analisiya yekha ali Fomu 4. Ndi mmene sukulu zathu zimatayira anthu, mmodzimmodzi, popanda phokoso.

Kwa inu ophunzira anga akale, amene ena muli m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena ku Johannesburg, ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, musamaopseze ana anu kuti ukapanda kulimbikira udzathera uphunzitsi. Ndikudziwa kuti ena munamva mawu amenewa kwa ife tomwe, m'kalasi, tsiku limene tinali okwiya, ndipo pamenepo tinalakwa ndife. Lachiwiri, mukandipeza pa siteji musavutike ndi kundigulira fanta. Pa gulu lanu lija la WhatsApp, m'malo mongotumizirana zithunzi zakale, sonkhani mugule mabuku khumi a Bayoloje kapena a Masamu, mubwere nawo nokha, muime kutsogolo kwa a Fomu 2 muwauze kuti inunso munakhala pa desiki yomweyo. Akamva kwa ine amati ndi nthano za aphunzitsi.

Mnyamata wa galimoto uja anandisiyira nambala yake, ndipo ndamuuza kale kuti sabata yachiwiri ya teremu ikubwerayi ndikumudikira, Lachisanu, nthawi ya asembule. Wati abwera. Ndamuchenjezanso kuti apisire shati.